Mbale Ziwiri za Nkhumba ku Constantia

Adona amene ndinkawagwirira ntchito ku Constantia, dera la anthu olemera kunja kwa dziko lathu, ankati palibe chakudya chosavuta kuphika ngati nkhumba ya kabichi wosasa. Umangoponya nyama m'poto wamagetsi m'mawa, n'kukhuthuliramo kabichi wa m'botolo, wonunkha ngati madeya oiwalika m'ndowa, basi n'kuvundikira. Pofika madzulo nyama imachita kusweka yokha. Kusavutako adonawo ankakudziwa bwino, poti ophika sanali iwo.

Ophika anali achemwali ena a ku Mangochi, Asilamu, amene tinkachita nawo lendi nyumba imodzi ku Maitland. Ine yanga inali yokolopa ndi kusita. Munthu amene anawapezera ntchitoyo anawachenjeza kuti pakhomopo nkhumba imadyedwa Lachinayi lililonse, ndiye za Chisilamuzo asazitchule ngati akufuna kuti ana awo kumudzi azidya. Anamvera. Nyamayo ankaigwira atavala magolovesi otsukira mbale, adona n'kumawayamikira kuti ndi aukhondo.

Vuto linali kulawa mchere. Apo ankandikodola ndili ndi mopu m'manja.

"Mayi a mpingo, tabwerani nalo lilime lanulo."

Ine nkhumba ndimakonda ya pachiwaya, ya tsabola. Yosasayi inkandikwinyitsa nkhope mpaka m'makutu, koma ndinkalawa. Alendo akamanyambita zala n'kumafunsa chinsinsi cha wophika, achemwaliwo ankangomwetulira, ine ndili kuseri ndi chilungulira.

Kenako abwana aamuna anamwalira. Ana anabwera kuchokera kunja, analira, nabwerera. Nyumba yaikulu ija inatsala ndi adona ndi galu. Ndinawamvera chisoni, sindinama. Lachinayi lina tikukonzeka kuweruka tinapeza atayala okha tebulo lalikulu, lija tinkangolidziwa polipukuta, ataikapo mbale zitatu.

"Khalani pansi," anatero, maso ali ofiira. "Chakudya ichi amayi anga ankaphika banja likakhala pachisoni. Banja langa tsopano ndi inu."

Anatigawira okha, ndipo achemwali anga anawapatsa nthuli yaikulu chifukwa ndiwo anavutika kuphika. Kukana kunali kuulula kuti zaka zonsezi achemwaliwo anabisa Chisilamu chawo, ndipo sitinkadziwa ngati adona angasunge wophika wosadya zophika zake. Achemwaliwo anayamba kutola mbatata zomwe anaphika padera, pang'onopang'ono. Adona akaweramira galu kapena kupukuta misozi, foloko yanga inkawolokera m'mbale ya achemwaliwo. Ndinadya nthuli yanga, ndinadya yawo, ndinakokolola kabichi yense. Chitonthozo cha banja lonse chinathera m'mimba mwanga.

Adona ataona mbale zili mbee anawomba m'manja. Anati kuyambira tsikulo Lachinayi lililonse tizidya limodzi.

Tinakwera takisi yobwerera ku Maitland. Titatsika m'pamene achemwali anga anati, "No ways, mawa ndiwauza. Andichotse, andichotse."

Sanadziwe poyambira ndi pakamwa, choncho anaganiza kuti adona aone okha. Mpango wawo wakumutu, umene masiku onse ankauvula tikayandikira geti n'kuubisa m'chikwama, m'mawa mwake sanauvule. Anaukulunga bwinobwino mpaka m'khosi nalowa nawo m'khitchini. Ine ndinaima pakhomo, wokonzeka kuwaikira kumbuyo.

Adona anawayang'ana kwa kanthawi.

"Shame, wachita bwino," anatero mwachifundo. "Mphepo ya kuno ndi yoipa, ungadwale makutu." Anawasisita paphewa, nawonjezera kuti kuchokera pamaliro paja, dzulo ndi tsiku loyamba limene anagona tulo.

Achemwali anga anazisiya zoulula zija. Anatembenukira kusinki nayamba kutsuka makapu.

Lachinayi lotsatira tili m'njira ndinatulutsa buledi wanga woti ndidye. Achemwali anga anandigwira dzanja osandiyang'ana.

"Musadye, achemwali. Madzulo muli ndi mbale ziwiri."