Chithunzi cha ba Tembo

"Fulashi iyayi," anatero amai Tembo. "Imabapweteka mumaso."

Ndinaichotsa, ndinaiika m'thumba. Chipindacho chinali cha ku komboni ya Chawama, chopanda windo. Magetsi anali atapita kuyambira m'mawa. Kuwala kunkalowera pakhomo pokha. Pamatiresi panali amuna awo, ba Tembo, mafupa okhaokha. Mwana wawo wamkazi anali atawaveka jekete ya kuchalichi ndi kuwatsamiritsa pakhoma.

"Bali chabe na kachithunzi ka pa reji, ka pa chitupa," amaiwo anatero. "Nifuna bazukulu bakabaone bali moyo."

Ntchito iyi inali yanga yoyamba nditasiya kukankha wilibala. Ba Mwanza, eni ake a situdiyo ya zithunzi ku Matero, anandiona ndikutsitsa katundu wawo. "Manja yako siyanjenjema. Ubwele mailo." Basi, m'mawa mwake ndinayamba.

Za mumdima anandiphunzitsa okha. Tsegula lenzi yonse. Tsitsa liwiro la shata kuti kuwala kulowe kokwanira. Zigongono pa nthiti. Tsamira chinthu cholimba. Tulutsa mpweya, kenako kanikiza batani pang'onopang'ono, osalibaya. Jambula zambiri, chimodzi chidzagwira.

Ndinachita zonsezo. Shata ndinaiika pa 1/15, phewa pafelemu ya chitseko, lamba wa kamera nditamukulunga padzanja. Amai Tembo ndinawaimika panja ndi chitenje choyera kuti chibwezere dzuwa mkati.

Chithunzi choyamba chinagwedera. Chachiwiri chimodzimodzi. Nditakulitsa pasikirini, khoma linali bwino, mabatani a jekete akuoneka, koma nkhope ngati utsi. Vuto silinali manja anga. Ba Tembo ankapuma movutika, mutu ukukwera ndi kutsika.

"Atate, nkhalani zii," anatero mwana uja. "Bakukopani chithunzi."

Ba Tembo anayesa kuseka. Chimenechonso chinagwedera.

Ndinayamba kumvetsera kupuma kwawo. Akatulutsa mpweya pankakhala kampata asanakokenso wina. Ndinkadikira kampatako, nanenso osapuma. Kanali kochepa. Thukuta linkalowa m'maso. Mwendo unachita dzanzi.

Kenako kampata kanatalika. Ndinakanikiza. Ndinakanikizanso.

Ndinakulitsa. Tsitsi lililonse la ndevu linkaoneka. Maso otsegula, kuwala kwa chitenje kuli mkatimo. Chakuthwa kuposa chilichonse chimene ndinajambulapo. Ndinayang'ana pamatiresi. Jekete sinkasuntha.

Sindinamve kanthu. Ndinangozindikira kuti ndinali ndisanapumebe.

Amai Tembo anatsitsa chitenje, anasuzumira pasikirini.

"Ehe, ichi! Baoneka monga kale. Ichi ndiye muchape, chikulu."

Zogwedera zija sindinazifufute. Mpaka lero, chithunzi cha munthu chikagwedera pang'ono ndimachisunga. Wamoyo sakhala zii.

"Nanga simukamba, ba kamera?" anafunsa amaiwo. "Sichili bwino?"

Mkati mwana uja anaitana. "Atate?" Anaitananso, mokweza.

Amaiwo anatembenuka. Chitenje chinagwa pansi.

Ndinaika chivindikiro palenzi, ndinakoleka kamera paphewa. Azimayi a nyumba zoyandikana anali atayamba kutuluka, akumanga zitenje m'chiuno. Ndinawapatukira, ndinalowera njira ya kumaminibasi.