A Swichi ndi Makina Atsopano

Pa ofesi pathu tinkawatchula a Swichi, mpaka tinaiwala kuti analembedwa ntchito ngati mesenjala. Zotumatuma makalata zinatha kalekale. Chinawasunga pantchito ndi maeyakoni, makina oziziritsa m'zipinda aja. Athuwo anali nkhalamba zenizeni, olira ngati chigayo, odya magetsi osakhuta. Akangoyaka angapo pamodzi, swichi yaikulu ya kunsi kwa masitepe inkagwa, makompyuta onse zii.

"A Swichiii!" tinkakuwa, aliyense pakhomo pake.

Ankatsika mosathamanga, poti bondo linali litayamba kale kuvuta. Akaikweza, ankayenda chipinda ndi chipinda kugawa nthawi yoyatsira. "Mayi mlembi, inu dikirani kaye, ayambe a akawunti." Ine ndinkadikira, thukuta kamukamu. Ngakhale abwana ankagwira rimoti m'manja mpaka a Swichi atagwedeza mutu. Masana ankakhuthula zidebe zomwe makinawo ankadonthezera, n'kuthirira maluwa a pakhonde.

Kunyumba, mayi a kunyumba kwawo ankauza aneba kuti bambo ndi a zamagetsi. Mkamwini wawo anawabweretserapo ayironi yakufa. A Swichi anaitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti zida anasiya kuntchito.

Kenaka kunabwera lamulo loti makina odya magetsi mopyola muyezo asagulitsidwenso. Athu aja atayamba kufa, abwana anagula atsopano, okhala ndi chizindikiro chosonyeza kuti sawononga magetsi. Amisiri analumikiza mapaipi a madzi mpaka kungalande, zidebe n'kupita kosungira katundu.

Ndisaname, ine ndinasangalala. Foni inayamba kumveka popanda kutseka khutu linalo. Kalata ndinkailemba mpaka kumapeto kompyuta osazima panjira. Ukayatsa onse nthawi imodzi, swichi ili phee.

A Swichi anangokhala pa kampando kawo kunsi kwa masitepe. Ankapukuta bokosi la swichiyo m'mawa, kulipukutanso masana. Abwana podutsa anayamba kuwayang'ana monga muja umayang'anira kabati yomwe sukukumbuka kuti muli chiyani. Mphekesera zinamveka kuti mwezi ukatha awaitana mu ofesi. Iwo anazimva, nanga pa ofesi pali chinsinsi?

Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, magetsi anathima. Wa akawunti anayasamula. "Athimitsa dera lonse amenewa," anatero, n'kutsegula zenera. Ena anatulutsa mafoni. Abwana anapita kukadya msanga. Tinakhala choncho kanthawi ndithu.

Ine ludzu litandigwira, ndinatsika kukatunga madzi. Ndinawapeza a Swichi ataima, bokosi lili pululu, dzanja lili pa swichi yomwe anaigwetsa okha. Mutu anali ataupendeketsa, khutu kumasitepe. Anali atavala tayi, yomwe sindinawaonepo nayo.

Tinayang'anizana. Sanabise dzanjalo.

"Mayi mlembi," anatero motsitsa mawu, "kumtundako palibe waitana?"

Ndinamva chisoni, koma bodza silinabwere.

"Palibe, bambo."

Anagwedeza mutu, n'kuikweza. Kenaka anayamba kukwera masitepe, akukoka bondo lija, kuti akagawe nthawi yoyatsira monga kale. Asanafike n'pakati pomwe, tinamva makina onse akuyaka okha, m'zipinda zonse, nthawi imodzi. Anaima, n'kucheukira bokosi lija, kudikira kuti igwe.

Sinagwe.