Ndinasunga Chinsinsi cha Chiwindi cha Abambo

Inu owerenga, ine si munthu wolankhulalankhula. M'kalasi ndimakhala kumbuyo, ndipo aphunzitsi akandiloza ndimangowerama. Zimene ndalephera kunena ndimazilemba m'kabuku kanga. Anthu ankati ndine mwana waulemu, koma khalidwe lomweli ndi limene landilakwitsa. Ndinkadziwa tsiku limene abambo anga anayenera kubwerera kuchipatala, ndinkadziwanso kuopsa kwake, koma sindinauze munthu.

Kwathu ndi m'mbali mwa nyanja ku Salima kuno, kupitirira Khombedza. Abambo ndi msodzi wa utaka. Ndili Fomu 2 anayamba kuyabwa thupi lonse, mpaka ankadzikanda ndi chitsononkho. Maso anachita chikasu, mkodzo unkaoneka ngati tiyi wopanda mkaka. Kuchipatala cha kwathu anatitumiza ku Lilongwe. Amayi anali ndi khanda la milungu itatu, choncho ndinawaperekeza ndine, poti ndimatha kuwerenga.

Atawajambula m'mimba ndi kuwayeza magazi kangapo, adokotala, mayi wachikulire wofatsa, anatenga pepala n'kujambulapo chiwindi. Anatisonyeza tinjira timene ndulu imadutsamo. Anati tinjira ta abambo tikuchita zipsera n'kumatsekeka pang'onopang'ono, ndipo palibe mapiritsi otibwezeretsa mwakale. Chithandizo chenicheni n'kuwaika chiwindi china, opaleshoni imene imachitikira kunja kwa dziko, ndipo m'bale wathanzi angathe kupereka chidutswa cha chiwindi chake. Kenako ananena mawu amene ndinawalemba momwemo: "Matendawa nthawi zina amabala khansa m'tinjira tomweti, ndipo imabwera mwakachetechete. Ikafalikira, chiwindi china sichithandizanso. Muzibwera miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ngakhale mukumva bwino. Ulendo winawo mubwere ndi abale anu, tiyambe za mapepala a ulendo wa kunja."

Titatsika minibasi pa Khombedza abambo anandiimitsa n'kunena kuti, "Mwanawe, za khansazi ndi za chiwindi chinazi zithere pompano. Mayi ako akuyamwitsa, mkaka ungaume ndi maganizo. Komanso ine ndikapemphe mng'ono wanga kuti akang'ambidwe chifukwa cha ine? Ana ake adzandiona bwanji?" Ine ndinangoti, "Chabwino ababa." Kunyumba anauza amayi kuti ndi chikasu wamba.

Mankhwala anathandiza ndithu. Kuyabwa kunachepa, maso anayera, anayambanso kusoka maukonde akuimba. Apa ndi pamene matendawa amanyengera munthu. Chilumba cha Mbenji chitatsegulidwa kuti asodzi ayambe ntchito, abambo anakwera boti ndi anzawo. Kumeneko amakhalako miyezi yambiri, ndipo mwa mwambo wake akazi sitipondako. Tsiku lawo la kuchipatala linali la mu Juni. Kabuku kawo ka kuchipatala kanatsala ndi ine, m'chikwama cha mabuku a sukulu.

Tsikulo litayandikira ndinabwereka foni ya amayi n'kupita kuseri kwa khitchini kukawaimbira abambo. Ndinati, "Ababa, tsiku lija ndi Lachinayi." Anaseka. "Ee, adokotala anga aang'ono! Kuno utaka wagwa, ndingasiye anzanga akukoka okha? Ndili bwino ine. Akatseka chilumba ndidzapita, inshallah." Ndinali ndi mawu ambiri, koma mwana wamkazi angatsutse bwanji bambo ake? Pobweza foni amayi anandifunsa kuti akuti chiyani. Ndinati akupereka moni.

Lachinayi lija linadutsa. Tsiku lililonse popita kusukulu ndinkadutsa pa shopu ya abambo aang'ono, mng'ono wawo uja, amene amapala matabwa. Ndinkawapatsa moni, iwo n'kundiseka kuti ndikuyenda ngati ndikuopa kudzutsa nyerere. Kangapo konse ndinaima kuti ndiwauze, koma ndinkangowerama n'kupitirira. Ndikafika kunyumba ndinkalemba m'kabuku kanga kuti mawa ndinena.

Mu Novembala, chilumba chisanatsekedwe, asodzi anzawo anabwera nawo abambo atawagoneka m'boti. Sindinawazindikire msanga. Anali achikasu mpaka m'zikhato, ndipo lamba wawo anali atamuboola mabowo atatu atsopano.

Ulendo uno ku Lilongwe tinapita tonse, amayi ndi abambo aang'ono omwe. Adokotala aja anatsegula kabuku, anaona tsamba la Juni lopanda kanthu, koma sanakalipe. Patapita masiku, atawayeza zonse abambo, anatiitana n'kutiuza kuti mwapezeka chotupa m'njira ya ndulu, ndipo chafalikira kale. Anati za chiwindi china zija sizingathekenso. Abambo aang'ono anadabwa n'kufunsa kuti chiwindi chiti. Atawafotokozera anaimirira, anadzigunda pamimba n'kunena kuti, "Changa ndi ichi adokotala, dulani lero lomwe. Achimwene, munandiyesa mlendo ine?" Adokotala anapukusa mutu pang'ono n'kuwauza kuti nthawi yake yapita.

Amayi anatembenukira kwa ine. "Iwe unkadziwa?" Ndinagwedeza mutu. Abambo anati, "Musiyeni mwana, ndinamuletsa ndine." Amayi sanandimenye, sanandilalatire. Anangokonza khanda kumsana n'kunena kuti, "Ukanangondinong'oneza."

Pano abambo ali kunyumba. Amagona pakhonde chifukwa m'nyumba amati mukutentha. Ndimawamwetsa mankhwala opha ululu, ndimawakanda kumsana ndi nsalu yonyowa, ndipo kusukulu ndimapita masiku amene amayi sanapite kumunda. Ndatopa, inu owerenga, ndipo nawonso amayi atopa. Tsiku lija ku Lilongwe adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndisadziimbe mlandu wonse. Anati ngakhale tikanabwera mu Juni, ulendo wa kunja si wapafupi, odikira ndi ambiri, ndipo khansa imeneyi nthawi zina imabisala ngakhale powajambula. Ndikukhulupirira kuti sanandinamize. Sindikunena kuti abambo akanachira. Koma mwayi woyesa unalipo, m'bale wofuna kupereka analipo, ndipo ine ndinakhala chete miyezi yonseyo.

Inu amene muli ndi wodwala chiwindi kapena njira za ndulu, musadalire kuti akuoneka bwino. Tsiku limene adokotala alemba, pitani, kaya nsomba zagwa kaya kumunda kwachuluka ntchito. Akatchula za chiwindi china, itanani abale nthawi yomweyo, munthu akadali ndi mphamvu, chifukwa mukadikira kuti agone kaye mudzapeza kuti mwachedwa. Ndipo inu anzanga amene mumaperekeza makolo kuchipatala chifukwa mumatha kuwerenga, akakuuzani kuti musanene, pezani wamkulu mmodzi mumuuze basi. Abambo akanandikwiyira mwina mlungu umodzi. Mkwiyo umenewo ndikanaupirira mosavuta kusiyana ndi zikomo amene amandiuza masiku ano ndikamawatembenuza pamphasa.