Makalata anga anakulungira soda pa Uliwa

Anzanga, Khalid ndinakumana naye mu shop yake pa Uliwa, tsiku lomwe ndinkalembetsa SIM card yatsopano.

Anandipatsa fomu ndi cholembera. Ndinangoziika pa kauntala.

"Lembani dzina lanu apa, achemwali."

"Ndaiwala magalasi," ndinanama. Ine magalasi sindinavalepo chibadwire.

Kuwerenga ndimatha. Koma ndili Standard 4, aphunzitsi anakweza kope langa m'mwamba n'kuwerenga zolakwika zanga zonse, kalasi yonse ili gwegwegwe kuseka. Kuyambira tsiku limenelo cholembera ndinkachiopa ngati njoka. Pa WhatsApp ndinali wa ma voice note basi.

Khalid, mnyamata wa ku Mangochi wolankhula mofatsa, anazindikira vuto langa msanga. Titayamba chibwenzi anandipempha chinthu chimodzi.

"Towera, voice note imafufutika. Undilembere kalata, ndizisunga."

"Yayi, undiseka."

"Wallahi, sindingaseke."

Kalata yoyamba inanditengera milungu iwiri... mizere isanu yokha. Anaiwerenga, anaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba la shati. Sanaseke. Ndinabwerera kunyumba ndikulira, koma kulira kwa chimwemwe.

Miyezi isanu ndi itatu ndinkangolemba. Ndinaikamo zonse, ngakhale zomwe amama sindinawauzepo.

Lachiwiri lina mlamu wanga Fainess anabwera ndi soda wophikira therere, atamukulungira papepala. Anandiyang'ana mwachisoni.

"Mulamu, apa palembedwa kuti 'Ine wako Towera'..."

Ndinathamangira ku shop. Pa kauntala panali mayi wovala hijab, akung'amba pepala pakati mosafulumira.

"Ndinu a Towera? Ine ndine Farida, mkazi wake wa Khalid. Ndafika Lachisanu kuchokera ku Mangochi. Mapepalawa ndawapeza m'katoni ya sopo. Andithandiza kwambiri, okulungira anali atatha."

Sanakalipe, sanatukwane. Khalid anali pomwepo, akusanja mapaketi a shuga atandifulatira.

"Khalid?"

"Tidzakambirana, achemwali."

Achemwali! Ndinabwerera pomwe tinayambira paja.

Sabata imeneyo Uliwa yense anandiwerenga. Wogula mchere ankatenga chidutswa chake, wogula soda chake. A kabaza ankandikuwiza mawu anga omwe ndikamadutsa pa msewu, pamodzi ndi zolakwika zake. Ndinabwereranso mu Standard 4, ine mtsikana wa zaka 24.

Ndatopa, anzanga. Ndatopa chomene. Ndinkaganiza kuti sindidzalembanso.

Koma post iyi ndalemba ndekha, palibe wandigwira dzanja. Ngati anthu akufuna kundiwerenga, andiwerenge yense, osati zidutswa zonunkha soda. Zolakwika zilimo, ofuna kuseka sekani. Sindikuopanso kulemba.

Chomwe chikundiwawa ndi chimodzi. Nditamaliza kulemba, munthu woyamba amene ndinafuna kumuonetsa ndi Khalid yemweyo.