Botolo Limene Silinkadzaza

Dalitso anayamba kutsokomola nditangogwira masabata atatu mu shopu ya a Gwaza pa Golomoti. Chifuwa chake chinali chouma, chopanda chimfine, ndipo chinkabwera masana tikakhala mkati. Lamulungu kunyumba mwana ali bwinobwino, kuseka, kuyamwa. Lolemba dzuwa lisanafike pamutu wayambanso. Anali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndinkagwira ntchito ali kumbuyo, mkulu wake Tiyamike akusewera pansi pa tebulo.

Ntchitoyo anandipezera ndi mayi Gwaza, akazi awo a abwana, amene timaimba nawo kwaya. Bambo a anawa anapita ku Joni, kuimba foni n'kuleka. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, ndiye atandiuza kuti kukufunika wosesa sindinafunse zambiri. Tsiku loyamba abwana anangoti, "Nangozo, uzisesa, uzipukuta, uzidula mabanala. Makina usakhudze."

Makinawo ndi aatali kuposa bedi. Mkati muli hedi, kabokosi kamene kamathamanga uku ndi uku kulavula inki, ndipo abwana ankati mtengo wake ungagule ng'ombe. Hedi ikamaliza ntchito imakakhala pa kapu, kambale ka labala kumapeto kwa makina, kuti isaume. Pansi pa kapu pali kapaipi kopita ku pampu. Mukadina batani lotsukira, pampu imakoka inki kudzera m'timabowo ta hedi n'kukataya m'botolo lapansi. Botololo ndiye linali langa, kulikhuthula m'chigubu Lachisanu lililonse. Ndinkaliyang'ana tsiku ndi tsiku poopa kuti lingasefukire Tiyamike n'kuviikamo dzanja.

Inkiyo imanunkha ngati penti wosakaniza ndi petulo. Zenera linali limodzi, ndipo abwana analikhoma ndi katoni chifukwa cha fumbi la mumsewu. Ankati fumbi likalowa limatseka hedi.

Nditapita naye Dalitso kuchipatala ku Mua anamwino anandifunsa ngati ndimaphikira m'nyumba. Ndinati ayi. Anagwira chitenje changa n'kuchinunkhiza. "Fungo ili mwana asamalipume, mayi." Ndinabwerera wapansi mpaka pa siteji mtima uli m'mwamba. Ndikamusiya kuti? Amayi anga ali ku Bwanje, nthawi imeneyo akumweta mpunga, komanso mwana woyamwa samusiya kutali. Ntchito ndikaisiya tidya chiyani? Ndiye ndinayamba kutsegula zenera mobisa. Abwana akangotuluka ndinkazula misomali iwiri, kupinda katoni, mphepo n'kulowa. Ndikamva njinga yawo yamoto ndinkabwezera.

Inali nyengo ya kampeni. Tsiku lina m'mawa kunabwera a Saidi, amene ankayendetsa kampeni ya munthu wina wofuna ukhansala, akufuna mabanala asanu a msonkhano wa masana omwewo. Banala yoyamba inatuluka nkhope ili ndi mizere yoyera kuyambira pachipumi mpaka pachibwano. Abwana anadina batani lotsukira, n'kusindikiza tesiti, timizere ta mitundu inayi timene timaonetsa ngati mabowo onse akulavula. Yofiira inali yoduka. Anatsukanso, kachitatu, kachinayi, yofiira n'kusoweratu.

A Saidi anaitukula banala ija. "Wallahi, Gwaza, anthu avotera mbidzi? Ikakwana thwelofu ndikwera minibasi ya ku Salima."

Abwana anayamba kuzungulira m'chipindamo thukuta lili kamukamu, ndipo maso awo anagwera pa katoni. Anaikoka pang'ono, misomali n'kugwa yokha.

"Nangozo, amatsegula apa ndani?"

"Ndine, bwana. Mwanayu chifuwa."

"Wandiphera hedi. Tenga ana ako uzipita. Apa ndikhoma lata."

Ndinagwira Tiyamike dzanja, ndinafika mpaka pakhomo, ndiye mawu anangotuluka okha ndisanawakonze.

"Bwana, botolo silikudzaza."

"Ukuti chiyani?"

"Mukatsuka kamodzi inki imakwera, ndimaona. Lero mwatsuka kanayi, ili pomwe inali dzana. Pampu ikulira koma sikukoka kanthu."

A Saidi ndi amene anati, "Tayesani, mutaya chiyani?" Abwana anakankhira hedi pambali, anatenga sirinji n'kuthira madzi otsukira mu kapu mpaka kudzaza, n'kuliza pampu. Inalira, inalira, madzi ali phee osatsika. Anazimitsa makina n'kuyesa kupisa dzanja pansi pa kapu, koma dzanja lawo ndi lalikulu, silinalowe.

Ndinamasula Dalitso n'kuwapatsa a Saidi. "Pepani bambo, mukhale naye panja, pamodzi ndi mkulu wakeyu." Anamulandira akuseka, akuti lero kampeni yawapatsa udindo wina. Ndinagwada n'kupisa dzanja, mantha ali tho, poti ndikathyola kanthu ndiye kwanga kwatha. Ndinatsata kapaipi ndi chala pang'onopang'ono mpaka pamene kamalumikizana ndi kapu. Panali pouma ngati phesi, ndipo chikhadabo chinalowa mu mng'alu. Kutentha kwa kuno kunakaumitsa kapaipiko n'kukang'amba, ndiye pampu inkangokoka mpweya, hedi n'kumauma osatsukika.

Ndinapempha lezala. Ndinavula kapaipi, kudula pong'ambikapo, kukankhiranso pa kamlomo ka kapu, n'kumanga ndi ulusi wosokera mabanala. Abwana anayatsa makina. Madzi aja anatsika tikuona, ndipo m'botolo munayamba kudontha. Tinanyika hedi pa kapu yodzaza madzi otsukira kwa kanthawi, ndinapukuta labala wopukutira hedi ndi kamtengo ka siponji, tinatsuka kawiri.

Akufuna kudina tesiti ndinati, "Bwana, zenera likhale chotsegula, tione." Kaya mphamvu zimenezo ndinazitenga kuti. Anangodina. Timizere tonse tinatuluka, yofiira yosaduka ngakhale pamodzi. Banala yotsatira nkhope inabwera yosalala, mpaka kachipsera ka patsaya kanaoneka. A Saidi anasuzumira pazenera Dalitso ali paphewa. "Gwaza, injiniya umamusesetsa?" Mabanala asanu anapita pa njinga thwelofu itangopitirira pang'ono.

Sindikunena kuti abwana ankanama za fumbi, limatsekadi hedi. Koma ndinaphunzira kuti makina akavuta usathamangire kudina batani lomwelo kapena kuloza munthu chala. Yang'ana kaye ngati zimene zimayenera kutuluka zikutulukadi. Mpaka pano ndisanasindikize kanthu ndimayamba ndagwada kuona botolo, kenaka kapu, kenaka tesiti.

Madzulo ake abwana anati, "Kuyambira mawa ndikuphunzitsa makina." Ndinathokoza, koma ndinati ndili ndi zopempha. Pazenera tinakhoma neti ya udzudzu yopinda kawiri, anagula fani yotulutsira fungo panja, pansi ndimawaza madzi ndisanasese. Madzi otsukira ndi chigubu cha inki yotaya zinalowa m'kabati ya loko. Ana anga sanapondenso m'chipinda chija. Ndinagwirizana ndi Anambewe, ogulitsa mpunga pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa shopu, kuti azikhala nawo, ine ndiziwapetera mpunga Loweruka. Nthawi yoyamwitsa ikakwana ndimavula diresi la ntchito, kusamba ndi sopo mpaka m'zigongono, n'kupita kumtengo kuja. Patatha masabata awiri chifuwa chinaleka.

Tsiku lina ndikuyamwitsa abwana anaitana ali pakhomo. "Nangozo, kasitomala akudikira."

"Adikire pang'ono, bwana. Mwana sanakhute."

Anabwerera mkati n'kumupatsa kasitomalayo mpando.