Mapu a pa Pepala la Nthochi

Dzulo m'sitolo ku Bethesda anandikulungira nthochi m'pepala lakhaki, ndipo fungo lake linandibweza ku ubwana wanga muno mu Washington, m'zaka za m'ma 1970.

Aphunzitsi anatiuza kuti tijambule mapu a kumene makolo athu anachokera. Bambo anga, omwe ankayendetsa galimoto ku ofesi ya kazembe wathu, anati agogo anabadwira m'boma la Langenburg, nthawi ya Ajeremani. Aphunzitsi analisakasaka m'buku la mapu a Afirika, osalipeza. Anzanga anandiseka kuti ndachita kupeka. Ndinalira njira yonse.

Masiku amenewo wogwira ntchito m'boma lathu akapezeka akucheza ndi Mtanzania, ntchito inkatha. Komabe Loweruka masana bambo ananditengera ku Massachusetts Avenue, msewu wa maofesi a akazembe, kwa dalaivala wina wachikulire, Mtanzania wa ku Tukuyu.

Mkuluyo anakhuthula nthochi zake zootcha m'pepala lakhaki, natambasula pepalalo pa boneti yofunda ya galimoto, n'kuyamba kujambulapo ndi pensulo.

"Boma la Ajeremani la Langenburg linali apa, lero timati Tukuyu," anatero m'chinenero cha agogo, bambo akumasulira. "Mtsinje uwu ndi Songwe. Azungu anati ndi malire, koma ife tinkangowoloka kukakwatira kutsidya. Agogo ako anali a mudzi uti?"

Bambo anatchula mudziwo chapansipansi, maso ali kumsewu.

Pensulo inaima. Mkuluyo anandiyang'anitsitsa, kenaka anandigwiritsa pensuloyo n'kulondolera dzanja langa pa kadontho ka mafuta, kumpoto kwa mtsinje.

"Lemba wekha, mdzukulu wanga. Mayi anga agona pomwepa."