Chaka Chimene Amayi Ankapempha Madzi Moyimba

Amayi anagwa m'munda wa mpunga ku Lupembe, khasu lili m'manja. Tinawanyamula pa ngolo, ndipo kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko. Mkono wamanja unafa, mwendo ankaukoka, koma chimene chinandiwawa kwambiri ine ndi pakamwa. Munthu amene ankakalipira ng'ombe ili kutsidya kwa dambo mpaka kubwerera yokha, tsopano ankangoti "ta, ta, ta." Kumva ankamva zonse. Akafuna chinthu ine n'kubweretsa china, ankandigenda nacho, ndipo dzanja lamanzere silinkaphonya. Chipsera cha kapu yachitsulo ndikadali nacho pachipumi.

Bambo anali atamwalira kalekale, alongo anga ali kumigodi, choncho zonse zinagwera ine, mtsikana wongosiya kumene sukulu. Dokotala wa zolankhula sitinkadziwa n'komwe kuti aliko. Amene anatithandiza ndi namwino wina wa ku Mulanje, amene Chitumbuka chake chinali chomvetsa chisoni. Tsiku lina anagwira dzanja lamanzere la amayi, n'kumalimenyetsa pang'onopang'ono patebulo, uku akuyimba mawu opempha madzi m'Chitumbuka, m'chuni cha nyimbo ya kutchalitchi: "Nkhu-khu-mba ma-ji." Kachitatu, amayi analowa m'nyimbomo. Anayimba mawu onse osasiyako limodzi, kenako anandiyang'ana ngati awagwira akuba.

"Mawu sanathe ayi," namwinoyo anandiuza. "Njira yolankhulira ndiyo yatsekeka, koma ya nyimbo ikadali yotseguka. Muziyamba ndi kuyimba, kenako muzichotsa chunicho pang'onopang'ono mpaka atsale mawu okha. Musatope."

Sindinatope. M'mawa uliwonse tinkakhala pakhonde kuyimba madzi, mchere, fodya wawo wam'mphuno, ngakhale zopita kuchimbudzi. Mpunga usanache, "maji" ndi "yayi" ankatuluka opanda chuni. "Yayi," kutanthauza "ayi," ndiye anawakonda koposa, poti amayi anali okana chibadwire. Ndinayamba kukhulupirira kuti chaka chisanathe tidzakanganapo ngati kale, ndipo palibe chimene ndinkachilakalaka kuposa chimenecho.

Kenako kunabwera uthenga woti mwini dziko akubwera pa Boma, ndipo mayi aliyense azipita kubwalo la sukulu kukaphunzira magule. Atcheya a amayi a chipani ankakhala kuseri kwa mpanda wathu, ndipo makutu anali nawo aatali. Anabwera masana ena ndi anyamata a chipani atatu, wina atanyamula lamba wa galimoto.

"Mama aŵa ŵakupusika," anatero atcheya, kutanthauza kuti amayi akunamizira kudwala. "Tsiku lililonse ndimawamva akuyimba za kutchalitchi. Za boma zokha ndi zimene zikuwadwalitsa?"

Ndinayesa kufotokoza za njira ziwiri zija. Sindinamalize. Mnyamata wina, amene ndinaphunzira naye sitandade faifi ndipo ankakopera masamu kwa ine, anandimenya khofi mpaka khutu linalira. Anawagwira amayi m'khwapa n'kuwadzutsa. Amayi anati "yayi," momveka bwino, mawu amene tinawavutikira miyezi yonseyo.

"Mwamva? Akuyowoya, akulankhula bwinobwino," anatero atcheya.

Anawakoka mpaka kusukulu, mwendo wakufa uja ukulemba mzere m'fumbi, chala chachikulu chikutuluka magazi. Ine ndinkathamanga pambuyo ndikutukwana, lamba akundipeza m'miyendo. Anthu ankasuzumira m'mipanda, koma palibe anatuluka, ndipo sindiwaimba mlandu kwambiri, poti masiku amenewo munthu ankasowa chifukwa cha funso lokha.

Pabwalo anawaimika kutsogolo kwa amayi ena onse n'kuwalamula kuti anene dzina lawo. Amayi anati "ta, ta." Lamba anatera pamsana. Anawafunsanso, lamba anateranso. Atagwa, anawadzutsa ndi tsitsi. Ndiye atcheya anakweza dzanja, ng'oma zinalira, nyimbo yotamanda inayamba. Ndinapemphera mumtima kuti amayi atseke pakamwa. Koma nyimbo imeneyo anaiyimba zaka zambiri asanadwale, ndipo inatuluka yokha, mawu onse, milomo ili yong'ambika, misozi ikutsika. Kwa anyamata aja umenewo unali umboni wokwanira. Anawamenya ngati akupuntha mpunga, chifukwa chonamiza boma. Ine wina anandiponda pakhosi kuti ndisadzuke, ndipo ndinkangomva kulira kwa lamba, ng'oma zisanasiye.

Amene anatipulumutsa ndi namwino uja, amene wina anakamutsina khutu. Anafika panjinga atavala yunifolomu, n'kungoti, "Akafera pano, mtembo mukaupereke nokha kuchipatala, mukafotokozenso nokha." Anyamata aja anayang'anana, lamba anatsika. Mwezi usanathe, namwinoyo anamusamutsa, ndipo sitinamvenso za iye.

Mabala atapola, ndinatulutsa mphasa pakhonde, ndinagwira dzanja lawo lamanzere n'kuyambitsa chuni chathu motsitsa. Amayi anandigwira pamkono n'kuupotokola mpaka ndinakuwa. Kenako analoza kumpanda, n'kunditseka pakamwa ndi chikhatho. Ndinayesa m'nyumba, chitseko chili chotseka. Ndinayesa kumunda kopanda anthu. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinalira pamaso pawo. Ankangoluma mano n'kuyang'ana kumbali. Ngakhale kutchalitchi, nyimbo ikayamba ankadziluma mlomo kuti isawathawe.

Anakhala moyo zaka zina zingapo, ndipo sindinamvenso liwu lawo, ngakhale "ta, ta" uja. Ndine wokalamba tsopano, ndimapemphera ngati anthu ena onse, koma nkhani iyi sindinakhululuke ndipo sindinganamizire kuti ndinakhululuka.

Pamaliro awo ndinakhala pansi pafupi ndi bokosi, amayi a m'mudzi atandizungulira. Amene anayambitsa nyimbo yoyamba anali atcheya omwe aja, ndipo tonse tinavomera.